Anandisungira chinsinsi, ndipo sukulu ndinamaliza

Ndine mwana wa ku Machinga, mbali ya ku Ntaja, kwa anthu olima mpunga m'madambo olowera ku nyanja ya Chilwa. Lero ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Balaka, digiri ili m'manja. Koma m'chaka cha 2023 panatsala pang'ono kuti ndisiye sukulu, ndipo kunena mosabisa, panatsala pang'ono kuti ndisiyenso moyo. Mulungu anandipulumutsa kudzera mwa wophunzira mnzanga, mtsikana wa ku Ulongwe, amene analibe ndalama, analibe ofesi, analibe udindo uliwonse. Chimene anali nacho ndi pakamwa posunga mawu, komanso ankadziwa makomo oyenera kugogoda. Dzina lake sinditchula, langa sinditchula, ngakhale la yunivesite imene tinkaphunzira. Ndisanalembe ndinamupempha chilolezo, ndipo anavomera pokhapokha ngati dzina lake silituluka.

Kwathu ndine woyamba kufika ku yunivesite, osati m'banja mokha, koma m'mudzi monse. Amene amaidziwa Machinga akumva chimene ndikunena. Atsikana ambiri amene tinayamba nawo Sitandade 1 anakwatiwa asanafike Sitandade 8. Ena tinkakumana ku chigayo, iwo mwana ali kumbuyo, ine ndili mu yunifolomu. Bambo anamwalira ndili ku pulayimale. Amayi a mother group a pa sukulu yathu ankabwera kunyumba kudzalimbitsa mtima amayi anga kuti asamvere zonena za anthu. Amene anandisenza ndi achimwene anga aakulu, amene anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a kwathu, n'kukapeza ntchito mu shopu ina ku Johannesburg. Mwezi ukatha ankatumiza ndalama pa Mukuru: ya fizi, ya lendi, ya ufa ndi sopo.

Tsiku limene dzina langa linatuluka pa mndandanda wa National Council for Higher Education, amayi anaimba nthungululu mpaka mawu anasasa. Amjomba, eni mbumba yathu, anapha tambala. Anthu anabwera kudzandigwira chanza, ndipo pakati pawo panali omwe aja ankanena kuti kuphunzitsa mwana wamkazi n'kutaya ndalama. Anandigwira chanza nawonso, koma maso awo ndinawawerenga. Ankadikira tsiku limene ndidzabwerere ndi mimba kapena chimanjamanja. Mwana wa kumudzi akapita ku yunivesite amapita ndi maso a mudzi wonse pamsana, ndipo akagwa sagwera poduka mphepo, amagwera pabwalo. N'chifukwa chake ambiri a ife zikatithina timakhala chete.

Chaka choyamba sindinapemphe ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene boma linakhazikitsa ndi lamulo la mu 2015 kuti lizibwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa. Achimwene anali atandiuza kuti, "Ngongoleyo usiyire amene alibe wowathandiza. Ine ndilipo." Ananena ndi mtima wabwino, ndipo chaka chimenecho mawu awo anawasunga.

Mu Malichi 2023, ndili chaka chachiwiri, kunabwera namondwe Freddy. Nkhani zambiri zinali za ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, kumene matope ndi miyala zinatsika m'mapiri n'kukwirira anthu. Anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Kwathu mapiri sanagumuke, koma mvula inavumba usana ndi usiku, madzi anadzaza madambo, mpunga unamira, ndipo nyumba yathu ya zidina inanyowa kuyambira pansi mpaka khoma linakhala pansi. Amayi ndi ang'ono anga anathawira pa sukulu ya pulayimale. Tisanapume, foni ya achimwene inasiya kupezeka. Kenako mnzawo wina ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp: achimwene agwidwa chifukwa cha mapepala, akusungidwa podikira kubwezedwa kumudzi.

Amayi anandiimbira pa foni yobwereka. Sanandidandaulire za nyumba kapena za njala yawo. Anangofunsa kuti, "Mwanangu, uko ukudya?" Ndinayankha kuti ndikudya bwino, asade nkhawa. Ndikanawauza bwanji munthu wogona m'kalasi kuti ufa wanga watha, lendi ndili nayo ngongole, ndipo fizi ya semesita imeneyo sinamalizidwe?

Ndinkakhala kunja kwa kampasi, m'kachipinda kalendi, m'mdadada wa zipinda zoyang'anizana. Mesho wanga anali mwana wabwino, koma wokonda kucheza, ndipo nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, madzulo inkakhala itafika ku kalasi yonse. Pa yunivesite nkhani siyenda ndi miyendo, imayenda pa magulu a WhatsApp. Ndinali nditaonapo momwe anzathu ankasekera mtsikana wina amene anamutsekera chipinda chifukwa cha lendi. Ndinatsimikiza mumtima kuti zanga palibe adzazidziwe.

Mwezi wa Ramadhan unayamba patangopita masiku ochepa chichitikire Freddy, ndipo unandibisira njala yanga. Masana aliyense ankadziwa kuti ndafunga, choncho palibe ankadabwa kundiona osadya. Nthawi yofuturu ikakwana ndinkamwa madzi, pena ndi kachigumu kapena zigege zochepa, n'kukakhala ku laibulale mpaka usiku kuti mesho asaone kuti sindinaphike. Daku kunalibe. M'kalasi mawu a aphunzitsi ankangodutsa. Ndinayamba kujomba. Tulo tinathawa, ndipo usiku ndinkangowerengera ngongole m'mutu, kuyambira kwa alandilodi mpaka kwa mayi wogulitsa makala.

Panali bambo wina wa galimoto, wamkulu woti n'kundibereka, amene ankakonda kuima pafupi ndi geti madzulo. Tsiku lina anandipatsa lifiti mvula ikugwa, n'kundipatsa nambala yake. Anati lendi ndi fizi si nkhani kwa iye, bola tizimvana. Chimene ankatanthauza ndinachimva bwinobwino. Kale ndikanaifufuta nambalayo pompo, koma ulendo uno ndinaisunga, ndipo mumtima ndinaika tsiku loti ndalama zikapanda kupezeka ndidzamuimbire. Ichi ndicho chinkandidya kuposa njala. Ndinkadziona ngati ndagwa kale. Pang'ono ndi pang'ono munayamba kubwera maganizo ena oipa kwambiri, akuti ine nditachoka pa dziko pano amayi angapepukidwe, ndipo anthu a kumudzi sangapeze choseka. Ndinkaswali, koma pa mkeka ndinkangolira.

Madzulo ena ndinamva "Odi!" pa chitseko. Anali achemwali a chaka chachinayi a m'chipinda choyang'anizana ndi chathu. Tinkangopatsana moni, ndipo ndinkadziwa kuti kwawo ndi ku Ulongwe chifukwa tinakwererapo minibasi imodzi pa Liwonde potsegulira sukulu. M'manja anali ndi kontena ya futali wa chinangwa, wotentha.

"Mng'ono wanga," anatero, "ine ndine Mkatolika, ndipo nafenso tili m'nyengo ya Lenti. Koma ndinakulira pakati pa Asilamu. Wofunga amakoleza mbaula dzuwa likapendeka. Yako sindikuiona ikufuka. Ndaphika wambiri, tiye tithandizane."

Tsiku limenelo sanandifunse kanthu. Tinadya, tinacheza za kwathu, za matemba a ku Chilwa ndi malambe a ku Balaka, iwo n'kupita. Anabweranso mawa lake, nthawi imene mesho kunalibe. Ankasankha nthawi mwadala, ndinazindikira pambuyo pake. Usiku wina, nditangoti ndiyambe kuyankhula, misozi inatsogola. Iwo anakweza dzanja.

"Usanandiuze, umve kaye lamulo langa. Zimene undiuze zithera m'chipinda muno. Mesho wako sazimva, chibwenzi changa sichizimva, ndipo sindikazitchula ngakhale m'mapemphero a pagulu. Koma pali chinthu chimodzi. Ndikaona kuti moyo wako uli pa ngozi, sindikhala chete. Ndikafuna munthu wodziwa kuposa ine, koma ndiyamba ndakuuza, ndipo tipitira limodzi. Ukuvomera?"

Mawu aja a mapemphero a pagulu anandikhudza, chifukwa ndinaonapo zinsinsi za anthu zikuululika mwa njira imeneyo. Munthu amaimirira n'kunena kuti tiyeni timupempherere mlongo wathu wakutiwakuti amene ali m'vuto lakutilakuti, ndipo pofika "amen" mpingo wonse wadziwa. Amene amachita zimenezi mwina amafuna zabwino, koma amavula mnzawo pagulu. Ndipo chimene chinandichititsa kuwakhulupirira achemwali aja ndi malire amene anaika. Akanalonjeza kuti sadzauza munthu zivute zitani, ndikanakayika. Munthu amene akukuuziratu pamene lonjezo lake lathera ndiye kuti lonjezolo waliganizira.

Ndinawauza zonse: nyumba, achimwene, lendi, fizi, nambala ya bambo uja ndi tsiku limene ndinaika. Sanadzidzimuke, sanagwire pakamwa, sanandilalikire. Sananenenso kuti ndilimbe mtima poti ena akuvutika kuposa ine, mawu amene amatseka munthu pakamwa msangamsanga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandiyang'ana m'maso n'kufunsa mosazungulira kuti, "Kodi maganizo odzipha akumakubwerera?" Palibe anali atandifunsapo funso limenelo. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anthu ambiri amaopa kufunsa chonchi poganiza kuti akumupatsa munthu nzeru yoipa, koma akatswiri a zamaganizo amanena kuti kufunsa sikubzala maganizowo, ndipo ine ndine mboni: nditangovomera, chifuwa chinapepuka koyamba m'masabata ambiri.

"Apa ndiye pafika pa malire aja," anatero. "Usiku uno ndigona muno. Mawa tipita kwa aphungu a pa sukulu pano. Ukafuna ndikalowa nawe, ukafuna ndikakudikira panja."

Ndinakana poyamba. Kwathu ukangomveka kuti waonana ndi a zamaganizo, anthu amati wapenga, akupita nawe ku Zomba, kutanthauza chipatala chachikulu cha matenda a maganizo cha Zomba Mental Hospital. Achemwali anandifotokozera modekha kuti kuonana ndi phungu si kugonekedwa m'chipatala, kuti nkhawa yosagonetsa tulo ndi matenda ochizika, ndipo ngakhale zipatala za maboma athu, cha Machinga chimene chili pa Liwonde ndi cha Balaka, zili ndi anamwino ophunzira za matenda a maganizo amene amaona anthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Mesho atabwera anangomuuza kuti sindikumva bwino m'thupi ndipo andigonera. Sanawonjezere liwu.

M'mawa tinapita. Aphungu anali mayi wachikulire wodekha, ndipo ndinapitiriza kuonana nawo kwa miyezi ingapo. Anandiphunzitsa kugawa mavuto anga, kuti ndione limene ndingathane nalo lero, limene likufuna munthu wina, ndi limene silili m'manja mwanga. Tinagwirizananso za anthu oti ndiziwaimbira maganizo oipa aja akabwera usiku.

Koma uphungu wokha sulipira lendi, ndipo apa ndi pamene nzeru za achemwali aja zinaonekera. Zaka zinayi pa sukulupo zinawaphunzitsa njira zimene ife a zaka zoyamba sitinkazidziwa. Anandiuza kuti ophunzira ambiri ndalama zikatha amangosowa mwakachetechete, osalemba mayeso, ndipo m'mabuku amalembedwa ngati olephera. Pamene amene wapita ku ofesi ya Dean of Students nthawi ikadalipo, n'kulemba kalata yofotokoza vuto lake, amatha kumvedwa, ndipo zikavutitsitsa amatha kupempha kuti aime kaye malo ake asungidwe. Tinakhala pansi n'kulemba kalatayo limodzi. Anandiuza kuti ndipemphe amjomba atenge kalata kwa amfumu yotsimikiza kuti nyumba yathu inagwa ndi Freddy, aijambule pa foni n'kutumiza. Amjomba ndinangowauza kuti sukulu ikufuna umboni wa ophunzira okhudzidwa ndi namondwe, zimene zinali zoona. Ku ofesi anandilandira bwino kuposa momwe ndinkaopera. Anandilola kulemba mayeso ndi kumalipira fizi pang'onopang'ono, ndipo dzina langa analiika pa mndandanda wa ofuna thandizo la anthu akufuna kwabwino. Achemwali anandiuzanso chinthu chimene sindinkachidziwa, chakuti ngongole ya boma ija si ya ongoyamba kumene okha. Wopitiriza maphunziro nayenso amapempha nthawi yake ikakwana. Itakwana, anakhala nane pa kompyuta mpaka fomu inatha.

Kwa alandilodi anapita nane, koma anayankhula ndine. Iwo anangoima pambali. Za bambo wa galimoto anandifunsa chimene ndikufuna ineyo. Ndinati ndikufuna kufufuta nambala, ndipo ndinaifufuta iwo akuona. M'malo mwake anandilembera 5600, nambala yaulere ya bungwe la YONECO la ku Zomba yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, kuti bamboyo akayamba kundivutitsa ndidziwe koimba. Kwa masabata angapo ankayenda nane madzulo podutsa pa geti. Bambo uja ataona kuti sindikuyenda ndekha, anasiya kundiimitsa.

Tsiku lina ndinawafunsa kumene anaphunzira zimenezi. Anayamba ndi nkhani ya amayi awo. M'boma la kwawo la Balaka ndi m'mene munayambira Chipatala Cha Pa Foni mu 2011, ntchito imene bungwe la VillageReach linayambitsa mogwirizana ndi a zaumoyo, ndipo pambuyo pake inafalikira dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo, pa nambala ya 54747. Amayi awo ali oyembekezera ankaimba kumeneko kufunsa zinthu zimene sakanafunsa pa mzere wa sikelo, anansi ali tcheru kumbuyo. "Ndinaona ndili wamng'ono," anatero, "kuti munthu sasowa chonena. Amasowa pomwe anganene osamveka kumudzi."

Kenako anandiuza za kagulu kawo. Kanalibe dzina, kanalibe chikwangwani. Anali ophunzira ochepa a ku Machinga ndi ku Balaka, ena Asilamu, ena Akhristu, amene anadziwana m'maminibasi a pa Liwonde. Paja mpaka mu 1998 Balaka inali mbali ya boma la Machinga, ndipo ngakhale lero tikakumana kutali timaonana ngati a pakhomo limodzi. Aphungu aja ndi amene ankawaphunzitsa Loweruka lina ndi lina momwe angamvetserere, zizindikiro za munthu amene ali pa ngozi, ndi pamene ayenera kusiya n'kuitana wodziwa. Aliyense ankaponya kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kugula ufa, nyemba, soya ndi mapadi. Wosunga thumba sankauzidwa dzina la wolandira. Ankangomva kuti pali mnzathu akusowa. Ufa umene ndinkadya mwezi umenewo unachokera kumeneko, ndipo mpaka lero ambiri mwa amene anasonkha sadziwa kuti ankadyetsa ine.

Malamulo awo anali ochepa koma olimba. Nkhani ya munthu siilembedwa pa gulu la WhatsApp, ndipo uthenga wake sujambulidwa. Mtsikana amathandizidwa ndi mtsikana mnzake pokhapokha atasankha yekha mwina. Wothandiza safunsira amene akumuthandiza, ndipo samukokera ku chipembedzo chake. Achemwali aja sanandiitanirepo ku tchalitchi. M'malo mwake, Eid itayandikira kumapeto kwa Epulo, ndi iwo amene anandilimbikitsa kuti ndibwerere pakati pa atsikana anzanga a Chisilamu amene ndinkawathawa chifukwa cha manyazi.

Kulimba kwa malamulowa kunali ndi chifukwa. Chaka cha m'mbuyo mwake mnyamata wina anauza mnzake kuti fizi yake yathera ku kubetcha mpira pa foni, ndipo walowa m'katapila pofuna kubweza. Mnzakeyo anajambula uthengawo n'kutumizira munthu mmodzi yekha, amenenso anatumizira mmodzi yekha. Pofika Lolemba kalasi yonse inali ikumutchula ndi dzina lachipongwe. Ngongoleyo inali yotheka kuikonza, koma mnyamatayo ananyamula chikwama ndipo sanabwererenso. Ine ndimati amene anamuchotsa sukulu si wakatapila, ndi mnzake uja. Chinsinsi chimodzi chikaululika sichipweteka mwini wake yekha. Onse amene anaona amatseka pakamwa, ndipo ena mwa iwo ndi amene ali pa ngozi yeniyeni.

Nditalowa m'kaguluko ndili chaka chachitatu, aphungu anatiuza kuti zimene tikuchita zili ndi anzake kunja. Ku England, pa yunivesite ya Essex, mu 1970, mphunzitsi wina ndi m'busa wa pa sukulupo ataona kuchuluka kwa nkhawa pakati pa ophunzira, anaphunzitsa ophunzira ena kuti aziyankha foni usiku, kumvetsera anzawo mwachinsinsi popanda kuwaweruza. Ntchitoyo inatchedwa Nightline, ndipo inafalikira m'mayunivesite ambiri a ku Britain ndi maiko ena. Kufupi ndi kwathu kuno, ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi a m'madera kukhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu olemedwa ndi maganizo, poona kuti madokotala a ntchitoyi ndi ochepa kwambiri. Ndipotu ife sitiyenera kuzitenga ngati zachilendo. Ankhoswe abwino amamva zam'nyumba za anthu n'kufa nazo. Chatsopano n'chakuti mwana akapita ku yunivesite, ankhoswe, anankungwi ndi amjomba amatsala kumudzi, ndipo kumene wapitako palibe amene walowa m'malo mwawo.

Ndiyenera kunenanso kuti ntchitoyi ndi yolemera, ndipo sibwino kuisiyira mitima yabwino ya ana asukulu okha. Achemwali aja ankandisenza ali ndi kafukufuku wawo wa chaka chomaliza, ndipo kwawo thonje la bambo awo silinapindule chaka chimenecho. Tsiku lina ndinawapeza akulira okha kuseri kwa bafa. Anali atamva nkhani za anthu ambiri zimene sakanauza aliyense. Womvetsera nayenso amafuna womumvera. Mayunivesite athu akanachita bwino kuwazindikira ophunzira oterewa, kuwaphunzitsa mokwanira, kuwapatsa phungu woti azikatula kwa iye, ndi chipinda chimene khomo lake silili pamaso pa gulu. Ofesi ya uphungu imene aliyense wodutsa amaona amene walowa, ophunzira amaizemba ngakhale muli phungu waluso.

Chinanditsalira chinali kuuza amayi. Achemwali sanandikakamize, koma ankandikumbutsa kuti iwo akumaliza sukulu, ndipo ndiyenera kukhala ndi anthu anga odziwa zoona. Pa holide tinakwera limodzi mpaka pa Liwonde. Iwo anakwera ya ku Mangochi kuti akatsike pa Ulongwe, ine ya ku Ntaja, kenako kabaza. Ndinapeza amayi akukhala m'kachisakasa ka udzu ndi pulasitiki pambali pa chibumi cha nyumba yathu. Usiku, ana atagona, ndinawauza zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati:

"Unkabisira ine amene ndinakubereka? Njala ndikuidziwa, ndipo siinandichititsepo manyazi. Anthu akanaseka, akanatopa. Chimene sindikanapirira ndi kulandira maliro ako."

M'mawa anaitana amjomba. Iwo tinawauza za njala, ngongole ndi matenda. Za bambo wa galimoto zinatsala pakati pa ine ndi amayi. Amjomba anapukusa mutu n'kunena kuti, "Iwe mwana, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mbumba iyi ndi yanga. Ukanandiuza. Nandolo akauma, thumba loyamba ndi lako." Ndipo anachitadi zimenezo. Mwambi wawo ndi woona, ndipo sindinawatsutse. Koma ine ndikudziwa kuti pali nthawi imene wodwalayo mphamvu zofikira pa chitseko zimakhala zitamuthera, ndipo ngati wina sagogoda kunja, chitsekocho sichitseguka.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Ngongole ya boma ndinaipeza, koma mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama yomwe inkagula ufa wa mwezi inayamba kuthera pakati. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo chimanga cha kwathu chinauma chisanabereke. Achimwene anabwera chimanjamanja, ali ndi manyazi awoawo, ndipo pano akupalasa kabaza. Ndinkagulitsa mandasi m'mahositelo, pa holide n'kumaphunzitsa ana a Fomu 4. Maganizo oipa aja anabwerako nthawi zina, koma tsopano ndinkadziwa dzina lake, ndinkadziwa koimba, ndipo sindinkachitanso manyazi kubwerera kwa aphungu.

M'zaka ziwiri zimene ndinakhala womvetsera ndinamva zambiri, ndipo zidzapita nane kumanda. Chimene ndinganene n'chakuti si onse amene vuto lawo linali ndalama. Ena anachokera ku sekondale zoyendera za kumudzi, Chingerezi cha aphunzitsi chikuwathamangira, akuopa kufunsa kuti angaoneke mbuli. Ena anali ndi mimba, ena amamwa ma ARV mobisa poopa mesho, ena ankavutitsidwa ndi munthu wa udindo. Ovuta kwambiri kuwafikira anali anyamata, amene anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa anthu odzipha m'Malawi ndi amuna. Mnyamata sangakuuze kuti ali ndi nkhawa. Amangoyamba kumwa kwambiri, kujomba, kapena kukwiya ndi zazing'ono. Anyamata a m'kagulu kathu ankawapeza anzawo poyenda kupita ku mpira kapena pokonza njinga, osati pokhala pansi maso ndi maso.

Kwa makolo ndi eni mbumba a ku Machinga, ku Balaka ndi kwina konse, pempho langa ndi ili: mwana wanu akaimba foni kuchokera ku koleji, musamufunse za magiredi okha, ndipo musamukumbutse nthawi zonse kuti mudzi wonse ukumuyang'ana. Akudziwa kale. Muuzeni momveka kuti zikavuta anene, ndipo pakhomo adzalandiridwa ngakhale atabwera wopanda pepala. Kwa akuluakulu a mayunivesite ndi makoleji, kuphatikizapo makoleji a aphunzitsi ngati la Machinga pa Liwonde: ophunzira osunga anzawo alipo kale pakati panu, afufuzeni ndipo muwathandize.

Ndipo iwe mng'ono wanga amene ukuwerenga izi uli ndi katundu amene sunauze munthu, usadikire tsiku limene waika mumtima. Sankha munthu mmodzi amene sunamumvepo akukamba za ena, umufunse kaye ngati angasunge mawu ako, kenako umuuze. Pita ku ofesi yoona za ophunzira mayeso asanafike. Ngati maganizo odzipha akukubwerera, pita lero lomwe kwa phungu, ku kiliniki ya pa sukulu kapena ku chipatala cha boma chimene uli nacho pafupi, ndipo upite ndi mnzako. Ngati wina akukuchitira nkhanza, imba 5600. Nawenso amene mnzako wakukhulupirira n'kukuuza zake, zisunge, ndipo ukaona kuti moyo wake uli pa ngozi, muuze poyera kuti mupitira limodzi kwa wodziwa.